Funsani Ankolo: Mpira wa Baibulo, chipewa cha Chilembwe ndi mkulu uja Samson Kambalu

Mwezi uno makalata agwa ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo chodabwitsa ambiri akungozungulira pa munthu mmodzi. Nde ndati za mabanja ndi za ngongole zija ziyambe zadikira, lero tikambe za luso. Makalata ena ndawadulako michira chifukwa ena a inu mukagwira foni simupuma.

Ankolo mwaswera bwanji. Ine ndili Fomu 4, pa gulupu yathu ya WhatsApp wina anaponya chithunzi cha chiboliboli cha John Chilembwe chitaima pakati pa London akuti anapanga ndi Mmalawi dzina lake Samson Kambalu. Tinakangana mpaka bandulo kutha, ena akuti ndi Photoshop ena akuti mkuluyo ndi wa ku Nigeria. Ndi ndani ameneyu ndipo anakafika bwanji kumeneko?
*Mphwanu wa Fomu 4*

Mphwanga, si Photoshop ayi, ndipo anzakowo uwauze kuti si chabwino chilichonse chimene chimachokera ku Lagos. A Kambalu ndi Mmalawi mnzathu, anabadwa mu 1975, nthawi ya Kamuzu yeniyeni ija imene mzimayi kuvala thalauzi unali mlandu ndipo mwamuna tsitsi likatalika inali nkhani ya apolisi. Bambo awo anali a zachipatala, clinical officer, nde banja linkangokhalira kumanga katundu, chaka chino boma ili chaka chamawa boma lina, kulikonse kumene ntchito yawaponya. Koma katundu amene sankatsala m'mbuyo anali mabuku. Mdalayo ankakonda kuwerenga zinthu zolemera, za anzeru a ku Ulaya ngati Nietzsche, ndipo akayamba kulakatula Chingerezi chake ana ankangoti kukamwa yasa, mpaka dzina loti Jive Talker linamumatirira, ndipo dzina lomwelo linadzakhala mutu wa buku limene mwana wakeyu analemba lofotokoza moyo wake, linatuluka ku London mu 2008.

Sekondale anakaphunzira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu ija Ngwazi inatsegula mu 1981 kuti ana a Malawi aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya ya ku Kasungu. Tangoganiza, kunja kwa mpanda ng'oma zikulira kumudzi, iwe uli mkati tayi ali pakhosi ukuloweza mawu a anthu amene anafa zaka 2000 zapitazo. Ine ndimaona ngati luso lake lonse linabadwira pa mpanda umenewo, mwendo wina uku wina uko, ndipo mkuluyu mpaka lero sanatsike.

Kuchoka apo anapita ku Chanco ku Zomba komwe anaphunzira zojambula ndi za nyimbo za makolo, namaliza mu 1999. Chaka cha 2000 ndi pamene anayamba kumveka ndi mpira uja tikambe m'munsimu. Kenako ulendo wa ku Ulaya, digiri yachiwiri ku Nottingham Trent University, PhD ku Chelsea College of Arts ku London, ndipo anadzakhala pulofesa wa zaluso ku Ruskin School of Art ya Oxford, komanso ku Magdalen College konko. Mu 2015 ntchito zawo zinaonetsedwa ku Venice Biennale, chionetsero chimene kwa anthu a luso chili ngati World Cup, ndipo amene anasankha anthu chaka chimenecho anali Okwui Enwezor, ameneyo nde analidi wa ku Nigeria, mwina mpamene anzako asokonezera.

Werengera wekha, kuyambira pa mpira wa ku Zomba mu 2000 kufika pa chiboliboli cha ku London mu 2022 ndi zaka 22. Iwe sunakwanitse nkomwe zaka zimenezo chibadwire. Tsopano zimitsa foni ukawerenge, MSCE siyifunsa za gulupu.

Ankolo, ine ndine mayi wopemphera ndipo mtima wanga wawawa. Mwana wanga wandionetsa chithunzi cha mpira womatidwa masamba a Baibulo akuti ndi luso la bambo Kambalu ndipo anthu ankaumenya ndi mapazi. Inu mukuti luso limeneli? Kwa ine kumeneku ndi kunyoza Mulungu basi, ndipo musandiuze zoti sindinaphunzire.
*Mayi wa chigwirizano*

Mayi, sindikuuzani zimenezo ayi, ndipo ndikuululireni chinsinsi, ine ndemwe mpira umenewo sindingaumenye. Mwendo wanga ungakane wokha.

Chinthucho dzina lake ndi Holy Ball. Ndi mpira wamba wa miyendo, wokutidwa paliponse ndi masamba a Baibulo, ndipo a Kambalu anauonetsa ku Chancellor College mu 2000 nkuwasiya anthu kuti amene akufuna asewere nawo. Palibe anakakamizidwa. Nde apa mpamene pagona nkhani, chifukwa chimene mkuluyu ankapanga si mpirawo kwenikweni, kumata mapepala pa mpira ngakhale mwana wa Sitandade 3 akhoza, chimene ankapanga ndi kamphindi kaja kamene munthu waima kutsogolo kwa mpirawo, phazi likuyabwa chifukwa Mmalawi aliyense akaona mpira ukugubuduka phazi limanyamuka lokha, koma maso aona mawu a Yesaya kapena a Masalimo ndipo mtima wati gwa. Wina amenya uku akuseka, wina amenya pang'onopang'ono ngati akupepesa, wina autola nkuyamba kuwerenga vesi, wina atuluka atakwiya ngati inuyo. Onsewo ayankha funso limene palibe anawafunsa ndi pakamwa, loti kodi chopatulika chimakhala pati, m'pepala ndi inki kapena m'mawuwo kapena mwa munthu wowerengayo.

Ndipo taonani zinthu ziwiri zimene anazilumikizazo. Mpira ndi Baibulo zonse zinabwera ndi azungu, pa mishoni zambiri tchalitchi ndi bwalo la mpira zinkayang'anizana, ndipo zonse tinazilandira nkuzisandutsa zathuzathu mpaka Lamulungu mmawa tili ku kwaya masana tili ku sitediyamu, kukuwa kwake kofanana. Mkuluyu anangozimanga pamodzi nkuziponya pakati pa anthu. Anafika pomatchula zimenezi kuti Holyballism ngati kuti ndi mpingo, pena nthabwala pena zenizeni, ndi mmene alili munthuyu.

Kodi ndi kunyoza? Mayi, ngati chikumbumtima chanu chikuti ndi kunyoza, ine sindine woti ndikuchotseni pamenepo, ndipo anthu ophunzira kwambiri amene amagwirizana nanu alipo. Chimene ndingakane ndi choti anachita mwachibwana osadziwa kulemera kwa bukulo. Akanakhala kuti sakulidziwa kulemera akanamata nyuzipepala. Mpira womatidwa nyuzipepala mukanandilembera kalata?

Ankolo, ine ndakhala ndikusema mitengo zaka zoposa 20, manja angawa ali ndi zipsera zosawerengeka, mvuu, njovu, mipando ya mafumu, zonse ndimatulutsa zosalala. Nde ndikumva kuti kuli ina akuti conceptual art yoti munthu amangoganiza basi osagwira sompho nkukhala pulofesa. Si ulesi umenewu? Ndiuzeni zoona musandinyengerere.
*Wosema wa m'mbali mwa msewu*

Achimwene, sindikunyengererani, pali pena pamene mukunena zoona ndipo pali pena pamene sompho yakuphonyani.

Conceptual art mwachidule ndi luso la ganizo, loti chimene chili patsogolo ndi lingaliro, chinthu chogwirikacho chimangokhala ngati chotengera. Si zatsopano. Mu 1917 ku New York, Mfalansa wina Marcel Duchamp anagula mbiya ija amuna amakodzeramo m'zimbudzi za m'tauni, nkuitembenuza, nkusainapo dzina labodza loti R. Mutt, nkuitumiza ku chionetsero chimene eni ake anali atalonjeza kuti alandira chilichonse bola munthu walipira. Anaikana. Nde funso linabadwa pomwepo loti amene amagamula kuti ichi ndi luso ichi ayi ndi ndani, ndipo zaka zoposa 100 zadutsa anthu akukanganabe za mbiya imeneyo. Mu 1965 Joseph Kosuth wa ku America anaika mpando weniweni, pambali pake chithunzi cha mpando womwewo, pambali pakenso tanthauzo la mawu oti mpando lochokera mu dikishonale, nkukusiya iwe kuti unene mpando weniweni ndi uti. Inuyo wosema mipando funso limeneli likukukhudzani kuposa ine.

Tsopano poti mwati zoona, zachinyengo ziliko ndithu. Mu 2019 ku Miami, Maurizio Cattelan wa ku Italy anamata nthochi pakhoma ndi tepi, inagulidwa madola 120,000, ndipo mu 2024 ku New York ina yonga yomweyo inapita pa madola 6.2 miliyoni, wogulayo nkudya nthochiyo pamaso pa atolankhani. Chimene anagula si nthochi, ndi satifiketi ndi malangizo a kamatidwe kake, nthochi ikavunda amagula ina. Ena amati Cattelan ankaseka anthu olemera omwewo ndipo iwo analipira kuti asekedwe, mwina nzoona, koma ine pamenepo ndimangoona ndalama zikusowa kopita.

Nde muyeso wanga ndi uwu, ukaona chinthucho nkubwerera kunyumba, kodi chikukutsatira kapena chatsala komweko? Mayi a kalata yam'mwambayo mpira uja wawatsatira mpaka kukhitchini ndipo sanauone nkomwe ndi maso, angoona chithunzi pa foni. Ulesi sungachite zimenezo. Kupeza ganizo limodzi lolasa chonchi kumatha kutenga zaka za kuwerenga ndi kuyesa zinthu zambirimbiri zimene zimathera ku dzala, kungoti zipsera zake sizioneka m'manja.

Pamene mwalasa ndi apa. Ziboliboli zikuluzikulu za m'mizinda ya ku Ulaya nthawi zambiri mwini ganizo amapanga kachitsanzo kakang'ono, ntchito yokuza ndi youmba imagwiridwa ndi gulu la amisiri, anthu a manja ngati inuyo, ndipo pa chikwangwani pamalembedwa dzina limodzi lokha. Ine zimenezo sizindisangalatsa ndipo sindinamvepo yankho londikhutiritsa.

Koma nanunso ndikufunseni achimwene, mwaulemu. Mvuu munasema chaka chatha ndi mvuu munasema zaka 15 zapitazo zikusiyana pati? Mlendo akufuna mvuu, inu mvuu, wina mvuu, msewu wonse mvuu zokhazokha kudikira basi ya alendo. Manja muli nawo oti pulofesa aliyense angawasilire. Tsiku lina tasemani chinthu chimene palibe anakuitanitsani, chimene chikukusowetsani tulo inuyo, muchiike pakati pa mvuuzo muone amene aime.

Ankolo, ndaphunzitsa History zaka zambiri ndisanapume. Chiboliboli chija ndachiona pa intaneti ndipo ndili ndi mafunso. Chilembwe wamuchita chimphona pomwe mzungu wamusiya wamng'ono, uku sikupotoza mbiri? Nanga mzunguyo akufunanji pamenepo? Ndipo dzina la chibolibolicho loti Antelope likugwirizana bwanji ndi mbusa wa ku PIM?
*Mphunzitsi wopuma*

Aphunzitsi, ndikuyankhani nditavula chipewa, ngakhale nkhani yake ndi yokana kuvula chipewa.

Chibolibolicho chinachokera pa chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa pa nthawi yotsegulira tchalitchi chatsopano cha njerwa chimene Chilembwe anamanga ku Mbombwe ku Chiradzulu. Pa chithunzipo Chilembwe waima ndi mnzake John Chorley, mmishonale wachizungu, ndipo Chilembwe chipewa chili kumutu. Kwa ana a lero palibe chodabwitsa, koma inu mukudziwa kuti m'Nyasaland wa nthawi imeneyo munthu wakuda kuvala chipewa pamaso pa mzungu kunali kupalamula, umayenera kuchivula ukadali patali, ndipo pamene boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinautsa nkhondo ya mu Januware 1915, mboni zachikuda zinadandaula za thangata ndi msonkho inde, komanso nkhani ya chipewayi inkangobwerabwera. Kanthu kakang'ono koma kamene kankamuluma munthu tsiku ndi tsiku pamsewu, pamaso pa mkazi wake ndi ana. Nde munthu wa luso la ganizo amasaka zinthu ngati zimenezi. Wina akanamusema Chilembwe atanyamula mfuti kapena akulalikira dzanja lili m'mwamba. A Kambalu anangomuimika phee, atavala suti yake, chipewa chili pamutu, pakati pa likulu la ufumu umene unamupha pa 3 Febuluwale 1915 nkugumula tchalitchi chake chija.

Ndipo malowo ndi theka la nkhani. Chibolibolicho chinaimikidwa pa Trafalgar Square, bwalo la ngwazi za nkhondo za Britain, Nelson ali pamwamba pa chipilala chake chachitali, pansi pali mfumu George IV pa hatchi, pali Napier ndi Havelock akuluakulu a asilikali amene anamenya nkhondo za atsamunda ku India. Nsanja yachinayi, imene amaitcha Fourth Plinth, inamangidwa mu 1841 kuti paikidwe mfumu William IV koma ndalama zinatha, nde inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150 (zosiyira panjira si zathu zokha eti), mpaka mu 1999 anayamba kumaikapo ntchito za luso mosinthanasinthana. Ya a Kambalu inasankhidwa mu 2021 ndipo inavundukulidwa pa 28 Seputembala 2022, itachedwako masabata awiri chifukwa cha maliro a Mfumukazi Elizabeth II. Inakhalapo mpaka 2024 pamene inapereka malo kwa ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico, ndi mmene lamulo la nsanjayo lilili, sanaithamangitse ayi monga ena akufalitsira.

Za msinkhu. Chorley ndi wa msinkhu wa munthu wamba, Chilembwe ndi wa mamita 5. Kukanakhala kupotoza mbiri akanati azinena kuti mbusayo analidi wotalika choncho, koma palibe angapusitsike, aliyense akuona kuti ndi dala. Inu mwaphunzitsa ndi mabuku akale, mukudziwa mmene ankalembedwera, Livingstone tsamba ndi tsamba dzina lake, anthu amene ankamunyamulira katundu ndi kumuonetsa njira mzere umodzi kapena osatchulidwa nkomwe. Mkuluyu anangotembenuza sikelo. Ndipo apa mpamene mzunguyo akufunikira, mukamuchotsa Chorley mutsala ndi chiboliboli chachikulu basi, ngati zina zonse za pabwalopo, palibe chomuyezera. Komanso Chorley sanali mdani, anali bwenzi, nde sanamunyoze, sanamugwaditse, wangomusiya mmene analili. Ine pamenepa ndimagoma, chifukwa kubwezera kukanakhala kophweka ndipo anthu akanaomba m'manja kwambiri.

Dzina lija musalisake kutali aphunzitsi, chilembwe ndi nyama ya m'tchire ya mtundu wa mphalapala, ndipo aliyense wokulira kufupi ndi dambwe akudziwa Kasiyamaliro, chilombo cha maonekedwe a nyama yomweyo chimene chili mayi wa gule. Nde mzungu wa ku London akuwerenga Antelope akungoona dzina lokongola, Mchewa akuwerenga akumva zina. Mbusa wa Baptist ndi chilombo cha kudambwe m'dzina limodzi, a ku PIM ena sangakondwe nazo, koma mpanda uja ndinauza mphwanga wa Fomu 4 ndi womwewu.

Ankolo ine ndimapanga timavidiyo ta TikTok. Ndaona mafilimu a Kambalu akuti Nyau Cinema, koma abale sekondi zochepa, opanda mawu, oderako ngati akale, munthu angodumpha kapena kuyenda chobwerera basi yatha nkuyambiranso. Zanga zimaposa pamenepo koma palibe akundiitana ku Venice. Chinsinsi nchani?
*Mtsikana wa timavidiyo*

Mwana wanga wandiseketsa, ndipo mwina zakozo zimaposadi, ndani akudziwa.

Kufupikako ndi lamulo, anadziikira yekha malamulo 10 a Nyau Cinema, loyamba nloti filimu isapitirire mphindi imodzi, ndipo lina nloti zochitikazo zibadwe pomwepo malingana ndi malo amene wapezeka, kaya ndi khoma kaya masitepe kaya mtengo, osati zoyeserera sabata yonse. Amayenda mu mzinda wachilendo, chinthu chikamukoka amapatsa kamera munthu nkuchita kanthu kamodzi kopanda mutu, basi.

Gwero lake amafotokoza yekha kuti ndi makanema a ubwana wake ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, pamene woonetsa filimu anali mfumu, filimu ikaduka amalumikiza mmene wafunira, pamene akungolankhulana amadumphapo chifukwa anthu ayamba kukuwa, nkulumikiza ndewu ya filimu iyi ndi kuthamangitsana kwa filimu ina, nkhani yake osaimva koma holo yonse ili chiimire. Ife akale tikukumbuka, palibe ankafunsa kuti filimu ikunena chani. Gwero lachiwiri ndi gule amene, chilombo chikatulukira pabwalo sichifotokoza nkhani, chimangofika, fumbi koboo, ntchito zaima, ana athawa, amayi akuimba, kenako chapita ndipo tsiku lija silikhalanso ngati dzulo. Mkuluyu amakamba kwambiri za kusewera ndi za mphatso, kuti luso ndi nthawi imene munthu umaimwaza dala osayembekezera phindu, ngati mmene mudzi umaphikira chakudya chambiri pa mwambo nkudyetsa aliyense wodutsa, ndipo PhD yake inazungulira pa nkhani ya mphatso yomweyi.

Kusiyana kwa iwe ndi iye si kamera. Iwe ukaponya kavidiyo umabwerera mphindi zisanu zilizonse kukawerenga ma like ndipo mawa umapanga chimene anthu anakonda dzulo. Iye wakhala pa funso limodzi zaka zambirimbiri ndipo akhoza kukuuza chifukwa chake filimu ili yoderako, chifukwa chake ilibe mawu, chifukwa chake ikubwerezabwereza. Tadziikira malamulo ako atatu okha, uwasunge chaka chathunthu ngakhale ma like atsike, udzandilembere.

Ankolo, ndikuphunzira zamalamulo ndipo ndamva kuti mkuluyu anatengeredwapo kukhoti ku Italy chifukwa chokopera ntchito za munthu wina. Zoona? Ngati anaba bwanji tikumutama?
*Loya wa mawa*

Zoona anasumiridwa, koma imva mmene zinayendera chifukwa nkhani imeneyi ine imandikomera kuposa zonse.

Ku Ulaya kunali kagulu ka anthu a luso ndi ndale kotchedwa Situationist International, kuyambira 1957 mpaka 1972, mtsogoleri wake wodziwika Guy Debord. Ankadana ndi zoti chilichonse chizigulitsidwa, ndipo m'magazini yawo ankalengeza poyera kuti zolemba zawo aliyense akhoza kukopera, kumasulira kapena kusintha ngakhale osatchula kumene wazitenga. Mmodzi wa iwo anali Gianfranco Sanguinetti wa ku Italy. Zaka zitapita, mu 2013, mdala Sanguinetti anagulitsa makalata ake, zithunzi ndi mapepala onse a nthawi imeneyo ku laibulale ya Beinecke ya Yale University ku America. Munthu woti unyamata wake wonse ankalalikira kuti nzeru si malonda.

A Kambalu anapita ku Yale konko, nkujambula mapepalawo ndi kamera, zithunzi zina zala zawo zikuoneka zitagwira pepala, nkukazipachika ku Venice Biennale mu 2015 pansi pa dzina loti Sanguinetti Breakout Area, nkuuza anthu kuti gwirani, jambulani, gawanani. Kunena kwina anatenga chimene chinatsekeredwa mu laibulale ya anthu olemera nkuchibwezera kubwalo, mogwiritsa ntchito chiphunzitso cha mwini wake yemweyo. Sanguinetti anapsa mtima nkukasuma kuti chionetserocho chitsekedwe. Tangoganiza, munthu wokana umwini wa nzeru akuthamangira kwa jaji kukateteza umwini wa nzeru zake. Khoti la ku Venice linakana pempho lakelo chaka chomwecho, linaona kuti imeneyi inali ntchito yatsopano yodzudzula ndi kuseka, osati kukopera wamba kofuna kudyerapo.

Nde ngati loya wa mawa usathamangire kunena kuti kukopera kwaloledwa, ukapanga fotokopi buku la munthu nkumagulitsa pa geti ya koleji udzamangidwa ndipo Ankolo sadzabwera kudzakuona. Chimene chinapulumutsa mkuluyu nchoti kukoperako kunali ndi chonena, ndipo chonenacho chinkaloza mwini mapepalawo. Ine ndimakhulupirira kuti tsiku limene samani inafika ndi tsiku limene ntchitoyo inamalizika, Sanguinetti anaimaliza yekha osadziwa.

Ankolo, mwana wanga wamkazi wakhoza bwino ndipo ine ndimafuna achite za akaunti, koma iye akuti zojambula basi ndipo akumanditchulira Kambalu ameneyu. Adzadya chani?
*Bambo wodandaula*

Bambo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindikunamizani kuti aliyense wophunzira zojambula amathera ku Oxford. Ambiri safika, ngakhale ku Ulaya komweko ochuluka amakhala ndi ntchito ina pambali. Onani a Kambalu amene, amaphunzitsa pa yunivesite, amalemba mabuku, ali ndi magalare amene amawagulitsira ntchito ngati Kate MacGarry ku London, miyendo ingapo osati umodzi. Ndipo mumuuze mtsikanayo kuti munthu akumutchulayo anawerenga mpaka PhD, asaganize kuti luso ndi pothawira mabuku.

Muyeseni kaye. Kodi amajambula ngakhale palibe womuyamikira? Ali ndi kope lodzadza kapena ndi pakamwa pokha? Ngati kope lilipo ndipo ladzadza mpaka kuchikuto, khalani naye pansi mumuuze akufotokozereni chithunzi chimodzi, inu osamudula mawu, mukamva mmene akulankhulira mudzadziwa nokha. Akaunti ayiphunzirebe pang'ono, anthu a luso amaberedwa kwambiri pa makontirakiti.

Mayi munalemba za ndalama za banki mkhonde zimene msungichuma akuti zinadyedwa ndi chiswe, kalata yanu ndaisunga pamwamba penipeni, mwezi wamawa tiyamba ndi inu.